Yatsopano kwa ine: mbiri ya galimoto za kaunjika ku Zingwangwa

Munthu wa ku Zingwangwa akakuuzani kuti wagula galimoto yatsopano, musavutike kumufunsa kuti waigula kushopu iti. Akutanthauza kuti ndi yatsopano kwa iyeyo. Mwina yatha zaka khumi ikuyenda m'misewu ya ku Nagoya, mwina yadutsa kale m'manja mwa anthu atatu a ku Chilobwe ndi ku Chimwankhunda, koma tsiku limene yalowa mumpanda mwake ndi yatsopano basi, ndipo anansi timapita kukaiyamikira. Ine ndinakulira kuno, m'munsi mwa phiri la Soche. Pa galimoto zonse zimene ndaziona zikugona m'mipanda ya kwathu, zimene zinabwera molunjika kuchokera kufakitale ndingaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi, ndipo nazonso zinali za kuntchito.

Choncho mbiri ya galimoto ku Zingwangwa ndi mbiri ya galimoto zogwiritsidwa kale ntchito, za kaunjika monga timanenera mocheza. Wogula chinthu chotere amalipira zinthu ziwiri: chitsulo chimene akuchiona, ndi moyo wakale wa chitsulocho umene sanauone. Chitsulo utha kuchigogoda, kuchiliza, kuchikweza pamtunda. Koma zakuti chinagundidwapo, chinamirapo m'madzi kapena chinabedwa, umayenera kuzimva kwa munthu. Pa zaka 60 zapitazi, munthu amene wogula amayenera kumukhulupirirayo wakhala akusintha, ndipo nkhani yanga yagona pamenepo.

Liwu lakuti galimoto linachokera ku Chiswahili, gari ndi moto, ngolo yamoto. M'nthawi ya atsamunda ngolo imeneyi inali ya azungu a m'boma, a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, amishoni, ndi amwenye a masitolo ku Limbe. Ngakhale titalandira ufulu mu 1964, malo ogulitsa galimoto zatsopano mu Blantyre anali owerengeka: Mandala, kampani yakalekale ya African Lakes imene inayamba mu 1878, Mobile Motors, kumene kunali Toyota, Stansfield, kumene kunali Peugeot. Anthu a m'lokeshoni, makalaliki, aphunzitsi, anamwino a ku Gulupu, ogwira ntchito ku David Whitehead ndi kunjanji, ankangoziona pagalasi. Ulendo wawo unali wapansi, wapanjinga ya Humber kapena Raleigh, apo ayi pa basi ya UTM.

Galimoto inkafika m'manja mwa munthu wamba kudzera m'njira zitatu. Yoyamba inali mzungu amene kontirakiti yake yatha, kapena mmwenye amene akufuna ina. Ankalengeza m'timizere ta malonda ta mu Daily Times, koma nthawi zambiri wantchito wake ndiye ankayamba kumva. Yachiwiri inali okushoni ya boma ndi makampani, pamene ma Land Rover otopa a nambala ya MG ankagulitsidwa kwa wopereka zambiri. Yachitatu inali machona obwerera kuchokera ku Salisbury, ku Bulawayo kapena ku migodi ya kopa ku Zambia. Amenewa anali ochepa, chifukwa ambiri opita ku Theba ankabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi sutikesi. Kuitanitsa wekha galimoto kunja kunali maloto: ndalama zakunja sizinkatuluka popanda chilolezo cha Reserve Bank. Ndiponso inali nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la Forfeiture la 1966 linkalola boma kulanda munthu katundu. Wolemera mwadzidzidzi ankakhala ndi mafunso oti ayankhe, ndiye anzeru ankalemera mwakachetechete.

Amalume anga anali dalaivala pakampani ina ku Ginnery Corner. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, bwana wawo anawagulitsa Peugeot 404 ya bokosi kumbuyo, ndalama azidula pamalipiro mwezi ndi mwezi. Galimoto imeneyo anali ataiyendetsa okha zaka zisanu ndi ziwiri. Ankadziwa chitseko chimene chimafuna phewa, ankadziwa tsiku limene inagwera m'ngalande pa Njuli ndi amene anaiwongola. Panalibe choti wina awanamize. Masiku amenewo munthu ankagula galimoto ngati mmene umagulira mbuzi ya mnansi wako, imene waiona ikubadwa. Zinali zochepa, koma mbiri yake inali pambalambanda. Mu mzere wathu wonse, 404 ija ndiyo inali ambulansi, ndiyo inkanyamula mkwatibwi, ndiyo inkapita ndi bokosi kumudzi.

Zinthu zinatembenuka m'zaka zitatu zokha. Mu October 1992 nkhondo ya ku Mozambique inatha, ndipo msewu wa ku Tete, umene kale unkadutsidwa pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, unatseguka kwa aliyense. Mu February 1994 boma linasiya kwacha kuti izipeza yokha mtengo pamsika. Chaka chomwecho Mandela analowa ku South Africa, Muluzi analowa kuno, ndipo malamulo a malonda anamasuka. Aliyense anasanduka wa geni. Zovala za kaunjika zinadzaza m'misika, ndipo galimoto za kaunjika zinatsatira. Anyamata a kuno ankakwera basi kudzera pa Mwanza, Zobwe, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, n'kubwerera patatha sabata ziwiri ali pa chiwongolero.

Ambiri ankathera ku Durban. Dziko la South Africa sililola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizigulitsidwa wamba kwa nzika zake, pofuna kuteteza mafakitale ake, koma limalola kuti zitsike padoko n'kugulitsidwa kwa anthu a mayiko oyandikana nalo. Ndiye ku Durban kunali mabwalo odzaza ndi ma Corolla, ma Sprinter, ma Carina ndi ma Mark II a ku Japan, kudikira Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe. Komweko kunkachokera ma HiAce amene anasanduka maminibasi. Kampani ya Stagecoach, imene inagula UTM mu 1989, inachoka mu 1997 n'kusiya Shire Bus Lines, ndipo nayonso sinapirire. Mpando wa basi unatengedwa ndi minibasi ya mnansi wako, yogulidwa ndi ndalama ya penshoni, kondakitala ali mwana wa mlongo wake.

Koma m'njira yomweyo munkadutsanso zina. Zaka zimenezo ku Johannesburg kunkabedwa galimoto zambiri, ndipo zina zinkawoloka malire zili ndi mapepala ooneka bwino kuposa enieni. Apa ndi pamene wogula wa ku Zingwangwa anayamba kugula mbiri imene sakuidziwa. Ndikukumbuka bambo wina wa m'dera lathu, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anagula BMW yofiira kwa mnyamata wovala bwino wochokera ku Joni, pamtengo woti aliyense anati wachita mwayi. Anayenda nayo miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina apolisi anawerenga nambala ya tchesisi, n'kupeza kuti mwini wake weniweni akuilira ku Gauteng. Galimoto inapita, ndalama inapita, mnyamata uja sanaonekenso. Akuluakulu ananena kale kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Vutoli linali la chigawo chonse, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akuluakulu a polisi a mayiko a kummwera kwa Africa anakhazikitsira bungwe la SARPCCO mu 1995. Kuchokera nthawi imeneyo liwu lakuti Interpol linalowa m'Chichewa cha pamsika. Mpaka lero wogula wochenjera amafunsa, "Ya Interpol inapangidwa?"

Kenaka kunabwera intaneti, ndipo Durban inayamba kuchepa mphamvu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000, munthu ankatha kulowa mu kafe ya intaneti ku Limbe kapena mu Blantyre, kulipira mphindi 30, n'kuona zithunzi za galimoto zili pabwalo ku Yokohama, mtengo wake uli pansipa m'madola. Makampani monga SBT ndi Be Forward anadziwika ngati mayina a achibale. Be Forward, imene inayamba mu 2004 ku Tokyo, inafika pothandiza timu ya Wanderers, moti pamene Manoma ankatenga ligi ya TNM mu 2017, dzina lawo linali Be Forward Wanderers. Taganizani, kampani yogulitsa galimoto zakale ku Japan kuona kuti m'poyenera kulemba dzina lake pa jezi ya timu ya pa Lali Lubani. Zikusonyeza kukula kwa msika umene tinali titasanduka.

Nanga n'chifukwa chiyani Japan? Choyamba, iwonso amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Chachiwiri ndi lamulo lawo loyeza galimoto lotchedwa shaken: yatsopano imayezedwa ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo ndalama zake pamodzi ndi misonkho ndi zokonzetsa zimapweteka. Ambiri amaona kuti kuli bwino kugulitsa n'kugula ina. Galimoto imene Mjapani watopa nayo imapita ku okushoni, imakwera sitima yapamadzi, n'kutsika ku Dar es Salaam patatha sabata zingapo. Doko limeneli tinalizolowera chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique yomwe ija, pamene njanji za ku Beira ndi ku Nacala zinaduka ndipo dziko lathu linatsegula njira yakumpoto.

Pamenepo panabadwa ntchito yatsopano: anyamata okatenga galimoto ku Dar. Umamupatsa mapepala, ndalama ya basi, ya mafuta ndi ya kamba, iye n'kunyamuka. Pobwera galimoto imavala nambala ya IT, kusonyeza kuti ikungodutsa m'Tanzania, ndipo imayenda makilomita oposa 1,700: Morogoro, m'nkhalango ya Mikumi, mtunda wa Kitonga, Iringa, Makambako, Tukuyu, Kasumulu, kuwoloka Songwe, Karonga, mapiri a Chiweta, Mzuzu, mpaka kufika kuno. Mwini wake sagona. Foni ikangolira usiku, mtima uli phaa. Pa Songwe pamadikira MRA, imene inayamba ntchito mu 2000, ndipo apa ndi pamene ambiri amadziwira kuti mtengo wa pa chithunzi unali theka chabe la nkhani. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti injini ikakula msonkho ukwere, galimoto ikapitirira zaka 8 ukwerenso, ikapitirira 12 ukwere kachitatu. Zotsika mtengo kwambiri ku Japan ndi zimene zinkalumidwa kwambiri pachipata. Alipo amene anasiya galimoto zawo pamalire miyezi, akusakasaka ya dyute.

Onani mmene mndandanda wa anthu oti uwakhulupirire unatalikira. Amalume ankakhulupirira maso awo okha. Mdzukulu wawo ayenera kukhulupirira wojambula chithunzi amene sadzakumana naye, kalata ya pa imelo yokhala ndi nambala ya akaunti, ejenti wa padoko, dalaivala wa IT amene angathe kunyamula matola ndi matumba a mpunga njira yonse, ndi wokonza mapepala pamalire. Ena anatumiza madola kwa akathyali amene anatsanzira dzina la kampani yeniyeni, ndipo mpaka lero akudikira sitima. Chifukwa cha mantha amenewa kunabuka madila a m'lokeshoni: munthu amene anaitanitsapo kawiri katatu bwinobwino amayamba kuitanitsira anzake a kutchalitchi ndi a kuntchito, n'kumadyapo yake pamwamba. Chimene amagulitsa kwenikweni ndi nkhope yake, yakuti zikavuta ukudziwa khomo loti ugogode.

Galimoto za IT zinabwera ndi zachilendo zake. Ukaliza injini, mayi wina amayankhula Chijapani m'dashibodi, kufunsa khadi yolipirira misewu ya kwawo, ndipo ana athu amamuyankha momutsanzira. Wailesi imathera pa 90 FM, ndiye masiteshoni ambiri a kuno osagwira mpaka uikitse kachipangizo. Zina zimafika ndi matayala a m'chipale chofewa amene phula lathu lotentha limawadya msangamsanga. Chachikulu n'chakuti zinapangidwira misewu yosalala, pamene kuno ukangosiya tala wa kumsika n'kukwera kulowera kuphiri, miyala imakupatsa moni pansi pa injini. Amakaniko athu anaphunzira kuzikweza, a ku Ndirande anaphunzira kusula tizitsulo timene kusitolo kulibe, ndipo ogulitsa masipeya ku Limbe anayamba kuoda mainjini ndi magiyabokosi athunthu. Vitz, Passo, March ndi Mira ya injini ya 660cc zinapatsa chiwongolero anamwino ndi aphunzitsi, amayi ambiri kwa nthawi yoyamba. Toyota Sienta, imene inapangidwira banja la anthu 7, inasanduka takisi yolimbirana anthu ndi minibasi, mpaka dzina lake linakhala dzina la ntchito: "Amuna anga amayendetsa Sienta."

Nyengo imene tilimo tsopano inayambitsidwa ndi kwacha. Tiyeni tiwerengere limodzi. Galimoto ya madola 3,000, kumayambiriro kwa May 2012 pamene dola inali pa K168, inali K504,000, dyute tisanaike. Pa 7 May chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa kufika pa K250, galimoto yomweyo n'kukhala K750,000. Mu May 2022 inagwanso ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700, ndipo galimoto yathu ija inafika K5,100,000. Umenewo ndi mtengo wa kubanki, kumene madolawo kawirikawiri sapezeka. Wa kuseri umaposa pamenepo kutalitali. Zotsatira zake n'zodabwitsa kwa mlendo: kwathu kuno galimoto imakwera mtengo ikamakalamba. Munthu amayenda nayo zaka zinayi, n'kuigulitsa makwacha ambiri kuposa amene anagulira.

Basi galimoto inasanduka nkhokwe. Wolandira penshoni kapena ndalama ya malo amathamangira kugula Axio kuopa kuti ndalama isungunuka m'banki. Fizi ya kuyunivesite ikavuta, matenda akagwa, nyumba ikafika pa malata, nkhokwe ija imapasulidwa. Ena amaipinyolitsa kwa a katapila, ndipo zambiri zimene mumaziona zikugulitsidwa mwachangu n'zimene chikole chake chadyedwa. Popeza kuitanitsa kunja kwavuta, galimoto zomwezomwezo zikungozungulira pakati pathu: ya ku Nkolokosa ipita ku Bangwe, ya ku Bangwe ipita ku Machinjiri, patatha chaka mwaionanso pa Kudya ili ndi penti wina. Msika wake uli paliponse, pa sitetasi ya WhatsApp, m'magulu a Facebook, pa Kamba madzulo, koma makamaka pamalo otsukira galimoto. Ukangoima n'kuyang'ana kawiri, mnyamata wafika kale.

"Bigi, mwaikonda? Iyi ndi ya mayi wina wa kubanki. Amangopita nayo kuntchito ndi kutchalitchi basi."

"Nanga akuigulitsiranji, achimwene?"

"Banja lakula, akufuna yaikulu. Injini simunaimve, ili phee. Ingoperekani yoti tigwirizire, mawa simuipeza."

Ndamva nkhani ya mayi wa kubankiyu kwa zaka khumi tsopano, ndipo ndikuganiza kuti mayi ameneyu wagulitsa galimoto zoposa za kampani iliyonse mu Blantyre. Mnyamatayo si mwini galimoto, mwinanso sanamuonepo mwini wake. Pakati pa iye ndi mwiniyo pali anthu ena awiri, aliyense waikapo yake. Sindikuwanyoza: m'tauni yopanda ntchito, kulumikiza wogula ndi wogulitsa ndi ntchito ndithu, ndipo mabanja akudya. Koma wogula aphunzire kuti nambala ya makilomita pa dashibodi imabwezedwa m'mbuyo ndi kompyuta, kuti utsi umabisika ndi oyilo wolemera, ndi kuti penti wonyezimira amakwirira zambiri. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira abale athu ku Chilobwe ndi ku Manja, makaniko wanga anawonjezera mwambo wina: asanatsegule boneti, amayamba wakweza kapeti n'kununkhiza. Malangizo ake ndi achidule. Pita m'mamawa injini isanatenthe. Tenga makaniko wako, osati wa wogulitsa. Kwezani anthu anayi n'kulunjika pamtunda wa miyala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe chimene chasautsa mabanja ambiri kuposa injini ndi pepala, blue book. Maonekedwe ake anasintha, koma dzina tikuitchabe lomwelo. Kusintha umwini kumafuna ndalama, kumafuna kuti wogula ndi wogulitsa aonekere, kumafuna tsiku la pamzere, ndiye ambiri amangolemberana kalata ya mgwirizano n'kunena kuti tidzasintha mwezi ukatha. Galimoto imadutsa m'manja anayi dzina likadali la munthu woyamba. Mayi wina wa mumpingo mwathu anataya mwamuna wake zaka zingapo zapitazo. Chuma chokha chimene bamboyo anasiya chinali Sienta, ndipo mayiyo anafuna kuigulitsa kuti ana awiri amalize sukulu. Atatsegula envulopu ya mapepala, anapeza dzina la munthu wa ku Mzuzu amene sanamumvepo. Amene anagulitsa kwa malemuwo anali atapita ku Cape Town, amene anagulitsa kwa ameneyo anali atamwalira. Panatenga miyezi isanu ndi iwiri, maulendo awiri a ku Mzuzu ndi chifundo cha mlendo uja kuti zitheke, uku achibale a mwamuna akuti galimotoyo sinali ya m'banjamo poti dzina palibe. Mwana wamkulu anaphonya teremu.

Tachoka pa mzungu wa kontirakiti, tadutsa pa mnyamata wa ku Joni, pa chithunzi cha ku Yokohama, ndipo tafikanso pogulana tokhatokha ngati m'masiku a amalume, kungoti tsopano tachuluka moti sitidziwana. Palibe galanti ya kampani pa galimoto ya zaka 15. Chimene ndaona n'chakuti madila amene akhalitsa pa geniyi kuno ku Zingwangwa, zaka khumi kapena makumi awiri, ndi aja amene sanasamuke. Ana awo amaphunzira ndi ana athu, akazi awo ali m'banki mkhonde limodzi ndi akazi athu, ndipo amadziwa kuti akakugulitsa chigoba adzakumana nawe pamaliro, mutakhala pa benchi imodzi usiku wonse. Ena amakuuza okha kuti, "Madala, iyi ayi, dikirani ndikupezereni ina," ngakhale ndalama akuifuna. Amene amakupatsa nambala ya foni yokha n'kukumana nawe pa filing'i siteshoni samatha zaka ziwiri.

Ndiye mnzanga akandipempha kuti ndimuperekeze kokaona galimoto, za injini ndimasiyira makaniko, za tchesisi ndimasiyira apolisi. Ine ntchito yanga ndi kupempha blue book kuti ndione ngati dzina likugwirizana ndi chitupa cha munthu amene waima patsogolo panga, kenaka n'kumufunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, mumakhala pati? Tiyeni tikalembere kalatayi kunyumba kwanu."